Tenshona Yosweka ndi Ukwati wa ku Makanjira

Ntchito yanga yoyamba ya umakaniko ndinaipeza chifukwa cha manja, osati satifiketi. Satifiketiyo ndinali nayo, yokutira bwino m'pulasitiki, ndipo ndinazungulira nayo magalaja a pa Mangochi kuyambira kumlatho mpaka njira ya ku Nkopola. Kulikonse ankayang'ana pepalalo, kenako n'kuyang'ana ine, kenako n'kufunsa ngati ndili pabanja. Kwathu ndi ku Chembe, bambo anga ndi asodzi, ndipo injini yoyamba imene ndinaimasula inali ya boti lawo. Nditamaliza sukulu ya ntchito zamanja ndinabwerera kumudzi n'kumachapa nsalu zogonera alendo pa loji ina. Ndinkachapa mtima uli kwina. Galimoto ikadutsa kuseri kwa mpanda ndinkasiya sopo m'madzi n'kumamvetsera ngati ikulira bwino.

Galaja yomaliza inali ya Che Saidi, kuseri kwa msika: malata pa nsanamira za bulugamu, mtengo wa mango, ndi magalimoto akufa amene nkhuku zinkaikiramo mazira. Ndinawapeza atawerama mu boneti, akukalipira bawuti imene inagwera pakati pa injini ndi giyabokosi. Pepala langa sanalikhudze n'komwe.

"Taonetsani manja, achemwali."

Ndinawatambasulira.

"Ang'onoang'ono bwino. Tandichotserani bawuti iyo."

Ndinapisa dzanja, ndinakalika pachigongono, ndinaitulutsa. M'mawa mwake ndinayamba ntchito.

Che Saidi, amene tonse tinkangowatchula kuti a fundi, ankayenda ngati dzuwa liwadikira. Ine ayi. Sinditha kukhala pansi, ngakhale podya ndimagwedeza mwendo. Akandituma sipanala ndinkabweretsa bokosi lonse, akati timasule mawa ine ndinkafuna lero lomwe. Posakhalitsa anandipatsa dzina lakuti Mwera, ati ndikalowa m'galaja chilichonse chimagwedezeka ngati bwato panyanja. Dzina langa lenileni, Dolika, linathera pomwepo. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri ndi lamulo lawo lakuti galimoto yobwera ndi phokoso isakhudzidwe tsiku limene yabwera. Igone kaye, izizire, m'mawa tiimvetsere. "Injini yotentha imanama," ankatero. Ine ndinkaona ngati ndi ulesi chabe.

Galimoto ya Che Jafali inabwera m'mwezi wa Okutobala, kukutentha moti sipanala yosiyidwa padzuwa sinkagwirika. Inali yaitali, yobiriwira modera, yogona pansi ngati ng'ona, ya mipando yachikopa ndi matabwa onyezimira kutsogolo. Inali yakale ndithu, ya ku Ulaya, mtundu umene kale ankakwera mabwana okhaokha. Anyamata a kabaza anasiya makasitomala kudzaisuzumira. Mwini wakeyo anali atangofika kumene kuchokera ku Joni, kumene anakhala zaka zambiri. Kuno mwamuna akabwera ku Joni anthu safunsa kuti unavutika bwanji, amayang'ana chimene wabwera nacho. Che Jafali anabwera ndi galimotoyi, ndipo ndikukhulupirira kuti panalibenso china.

"Pali kaphokoso m'mawa ndikailiza," anatero. "Kamangoti kwerrr, kenako zii. Thiranimoni oyilo wolemera uja wa malole, kasiye. Loweruka ndikukwatitsa mwana wanga ku Makanjira. Akwera imeneyi."

Oyilo wolemera ndiye mankhwala a phokoso lililonse m'magalaja ambiri kuno. Phokoso limabisaladi, mwini galimoto n'kupita akusekerera, koma pakapita nthawi amabwera atakokedwa ndi chingwe. A fundi anangoti, "Isiyeni igone, ambuje." Che Jafali anadandaula mokweza, ine ndinadandaula chamumtima, koma galimoto inagona.

M'mawa a fundi anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga anaiika pa kava ya mutu wa injini, chogwirira n'kuchiika kukhutu.

"Liza, Mwera. Koma phazi lisaponde moto."

Ndinapotoza kiyi. Kunamveka phokoso ngati tcheni cha galu chikukokedwa pa lata, la kanthawi kochepa, kenako injini inayamba kung'ung'udza mofewa ngati palibe chachitika. A fundi anandikodola kuti ndizimitse.

"Ine ndikailiza ndimaiponda kwambiri kuti itenthe msanga," anatero Che Jafali. "Kaphokosoko kamatha."

A fundi anavula kofiya, n'kukanda mutu, n'kuvalanso.

Kwa amene simudziwa za injini, nkhani yake ndi iyi. Injini ya galimoto imeneyi ili ndi mitu iwiri, ndipo pa mutu uliwonse pali makamshafuti awiri, zitsulo zazitali zimene zimatsegula ndi kutseka mavalavu. Tcheni chachikulu chimachokera pansi kukazunguza kamshafuti imodzi, ndiye pali katcheni kakang'ono kolumikiza imeneyo ndi inzake. Kuti katcheniko kasakhwepe pali tenshona, kachipangizo kokwana m'dzanja kamene kamakankha tcheni ndi mphamvu ya oyilo. Injini ikagona, oyilo amatsikira pansi, ndiye tenshona yotopa imasiya tcheni chili lende mpaka oyilo atakwera. Phokoso la m'mawa lija n'limenelo. Tcheni chikalumpha mano, valavu imatseguka pisitoni ikukwera, ziwirizo n'kugundana, ndipo injini imathera pomwepo.

A fundi anandisiyira ntchitoyo n'kukakhala pansi pa mango. Ndinayamba ndachotsa waya wa nekativi pa batire, limene pa galimoto imeneyi lili m'buti. Ndinachotsa chivundikiro cha pamwamba, paipi ya mpweya, kenako makoyilo, iliyonse ndikuimata katepi kuti ibwerere pamalo pake. Mabawuti a kava ndinawamasula ndi soketi ya 10 pa latcheti yaing'ono, kuyambira m'mbali kulowa pakati. Kavayo inakanirira. Dzanja langa linali litafika kale pa sikuludiraiva kuti ndiikanule mwamphamvu pamene a fundi anatsokomola kumango kuja. Ndinaisiya, n'kumagogoda pang'onopang'ono ndi hamala ya labala mpaka gasiketi inalekana yokha.

Tenshona inali pakati pa magiya awiri a katcheni kaja. Inali yapulasitiki, itasanduka yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo poiyang'ana chabe inkaoneka yabwino. Ndinapukuta oyilo ndi kansanza, ndinalowetsa kagalasi ka pandodo, n'kuwalitsa tochi. Ndinauona mng'alu, woonda ngati tsitsi, wochokera pa bowo la bawuti kutsika mpaka pansi. Mutu winawo unali woipa kuposa pamenepo. Kansapato ka pulasitiki kamene tcheni chimatsetserekapo kanali katachoka, tcheni chikukhula chitsulo chopanda kanthu mpaka kuchinyezimiritsa. Nditachikankha ndi chala chinatsika ngati chingwe choyanikira zovala.

Ndinaika soketi ya 24 ndi chogwirira chachitali pa bawuti ya pule yakutsogolo n'kuzunguza injini ndi manja, mbali imene imazungulira yokha, osabwerera m'mbuyo. Makamshafuti ali ndi malo ophwatalala amene ayenera kugwirizana, ndiye ndinagonekapo lula yachitsulo. Inakhala bwino mitu yonse iwiri. Tcheni chinali chisanalumphe. Nditatsitsa sampu, chibeseni cha oyilo pansi pa injini, ndinapeza zidutswa za kansapato kaja zitamatirira pa sefa yokokera oyilo. Ndinazitola n'kukawaonetsa eni ake zili pachikhatho.

"Bambo, galimoto iyi isalirenso mpaka tisinthe matenshona. Ikhoza kulira lero, ikhoza kulira mawa, koma tcheni chikafuna kulumpha sichidzakuuzani."

"Sinthanitu."

A fundi anaimba foni ku Blantyre, anaimba ku Lilongwe, anaimbira munthu wina wa ku Limbe amene amati sasowa kanthu. Kulibe. Matenshona a injini imeneyi anayenera kuchokera ku Joni komwe kuja, pa basi, ndipo akanafika ukwati utatha kalekale.

Che Jafali anakhala pa tayala lakutha, malaya awo oyerawo osawaganiziranso.

"Mwana ameneyu ndinamusiya akuphunzira kuyenda," anatero. "Wakula ndi amjomba ake, alongo a mayi ake, ine amandidziwa pa foni. Ndinamulonjeza kuti tsiku lake adzakwera galimoto ya bambo ake. Ndiye ndikafike ndi chiyani, a fundi? Chikwama? Tsekani, ndiyenda nayo choncho. Inshaallah ifika."

"Ndiye mukufuna ikafere pamsewu mwanayo ali m'katimo?" ndinatero, mokweza kuposa mmene mwana amayankhulira ndi munthu wamkulu. A fundi anandiyang'ana kamodzi, ndinatseka pakamwa. Mtima unkandiwawa chifukwa ndinali nditaona mng'aluwo ndi maso anga, ndipo munthu ankafuna kuutsutsa ndi pemphero.

A fundi anayang'anitsitsa galimotoyo nthawi yaitali moti ndinayamba kulongedza masipanala olongedza kale. Kenako anafunsa, "Ambuje, galimoto ya mkwatibwi imathamanga?"

"Ayi, imayenda ndi anthu ovina."

"Hutala ndi mahazadi zimadya batire basi. Injini ya chiyani?"

Nzeru yawo inali yakuti galimoto ikwere lole imene imapita ku Makanjira yopanda katundu kukatenga usipa. Ikafika, anyamata ovina m'mbali aziikankha. Che Jafali anaganiza, anapukusa mutu, kenako anavomera. Ndinabwezera sampu ndi makava, ndinathira oyilo, n'kuzula rileyi ya sitata m'bokosi la mafyuzi, kabokosi kakuda kamene popanda iko kiyi salizanso injini. A fundi anandiitanira pambali.

"Mng'alu wauona ndiwe, upita nayo ndiwe. Rileyi usunge. Koma mvetsa, Mwera, makaniko amanena zimene waona. Kiyi ndi wa mwini wake. Akaifuna, uwapatse."

Lachisanu lole inabwerera chafutambuyo mpaka kugunda mtumbira wa m'mbali mwa msewu, tinayala matabwa, tinakankhira galimoto m'katimo n'kuimanga ndi zingwe. Msewu wa ku Makanjira amene anaudutsa amaudziwa. Ndinkangoti pang'ono ndaimitsa lole kukayang'ana zingwe, pang'ono ndaimitsanso kukaona ngati matabwa sanasunthe, mpaka dalaivala anatopa nane. "Achemwali, kodi mwakhalira linthumbu?" Ulendo wonse Che Jafali anangogwira kiyi m'manja, akumutembenuza.

Kumudzi tinapeza chulu pafupi ndi nyumba ya mayi a mkwatibwi, ndipo galimoto inatsetsereka pamatabwa mpaka pabwalo, ana akuthamanga m'mbali. Zoti yabwera pa lole palibe anazidabwa. Aliyense anavomereza kuti galimoto yaulemu chotere siingaponde msewu umenewo. Vuto linali kufotokoza za kukankha. Ndinamva Che Jafali akuuza anyamata kuti ku Joni galimoto ya mkwatibwi amaikankha alongo ake ngati ulemu. Ndinayang'ana kumbali. Bodza limenelo likanayenda bwino kwina, osati ku Makanjira, kumene nyumba iliyonse ili ndi munthu amene anakhalako ku Joni.

Loweruka, amuna atabwera kumzikiti, inakwana nthawi yotenga mkwatibwi kuchoka kwa mayi ake kupita kubwalo la sukulu kumene mkwati ndi khamu lonse ankadikira. Si patali, denga la sukuluyo linkaoneka. Mkwatibwiyo, Asiyatu, anatuluka atafunda nsalu yoyera mpaka kumaso, n'kukhala kumbuyo ndi mayi wina wachikulire, mlangizi wake. Mwambo wake mkwatibwi sayankhula ndipo sadzutsa mutu, amangozyolika mpaka zonse zithe. Che Jafali anakhala pachiwongolero. Ine ndinakhala pambali pawo, chitenje chobwereka nditamanga pamwamba pa ovolo, dzanja lili pa handibuleki, popeza injini ikakhala yozima mabuleki a phazi amauma ngati mwala. Matayala ndinali nditawaphwetsako pang'ono chifukwa cha mchenga. Kiyi anatsegula, giya pa nyutirolo, mahazadi akuphethira, hutala ikulira.

Poyamba zinayenda bwino moti ndinayamba kuseka ndekha. Amayi a ting'oma ta dufu anali kutsogolo akuimba, nthungululu zili pakamwa, anyamata akukankha uku akuvina, fumbi lili koboo. Injini ikanalira, palibe akanaimva. Koma pakati pa njira pali khwawa louma la mchenga wokhawokha. Matayala akutsogolo analowa, galimoto inazengereza, n'kuima. Anyamata anakankha, anakuwa, anakankhanso. Inangotitimira. Dufu anayamba kuchepa mphamvu, dzuwa lili paliwombo, ndipo mwendo wanga unkagwedezeka moti ndinkaumva ukugunda chitseko.

Pawindo panafika bambo wamtali wa jekete yakuda, Che Twaibu, amjomba ake a Asiyatu amene anamulera.

"Alamu, nanga si ilire?" anatero, mokweza kuti onse amve. "Ku Joni kwake kuti kumene amakankha galimoto? Nanenso ndinakhalako ku Joniko. Kapena mwatibweretsera chigoba?"

Wina anaseka. Kenako anyamata otopa aja anayamba, "Ilire! Ilire!" ndipo ana anailandira ngati nyimbo.

Thukuta linkatsika m'khosi mwa Che Jafali. Ananditambasulira dzanja osandiyang'ana.

"Ndipatseni kachinthu kaja."

"Bambo, injiniyi yagona kuyambira Lachinayi, oyilo yense ali pansi. Mukailiza, kenako n'kuponda moto kuti ituluke mumchenga, tcheni chilumpha. Sindikuyerekeza, ndikukuuzani."

"Ndati ndipatseni."

Ndinapsa mtima. Ndinkafuna kuiponya rileyiyo pawindo, ikasowe mumchenga, aifune mpaka mvula idzagwe. Ndinali nditaisisita injini imeneyo ndi manja anga, ndipo munthu ankafuna kuipha chifukwa cha kuseka kwa mlamu wake. Koma mawu a fundi anali m'khutu. Ndinapisa m'thumba la ovolo n'kuiika m'dzanja mwawo.

"Bokosi lili mu boneti, dzanja lamanja. Pamalo popanda kanthupo."

Anatsegula chitseko, phazi limodzi linaponda mchenga.

"Ababa."

Mawuwo anachokera kumbuyo, pansi pa nsalu yoyera ija. Mlangizi anamugunyuza ndi chigongono kuti akhale chete. Asiyatu sanadzutse mutu, koma anabwereza.

"Ababa, isiyeni. Ikalira tifika msanga."

Kunja ankaimbabe "Ilire." Che Jafali anakhala choncho, phazi lina kunja lina m'kati. Ine chifundo chinandigwira, chifukwa ndinazindikira chimene mwanayo ankanena. Moyo wake wonse anali asanakhalepo pamodzi ndi bambo ake chonchi, ndipo kumapeto kwa kanjira kameneka kunali mwamuna womudikira.

Che Jafali anabweza phazi, anatseka chitseko, n'kuika rileyi pamiyendo panga. Kenako anatembenukira kuwindo.

"Alamu, galimotoyi ikudwala. Singalire lero. Za ku Joni zija ndinanama. Ndithandizeni mwanayu akafike."

Che Twaibu anawayang'ana, n'kuyang'ana mphwawo kumbuyo kuja. Ndinkayembekezera mawu ena olasa. M'malo mwake anavula jekete n'kupatsira mwana wina.

"Mukanangonena poyamba," anatero, n'kupita kumbuyo kwa galimoto. "Inu anyamata, mwaimiranji? Gwirani apa!"

Mayi wina wa dufu anamasula chitenje chapamwamba n'kuchiyala kutsogolo kwa tayala, monga amachitira poyalira munthu wolemekezeka kuti apondepo. Anzake anatsatira, chitenje pa chitenje mpaka tsidya la khwawa. Kaya ankachitira ulemu mkwatibwi kaya ankadziwa za mchenga, sindinafunse. Matayala anagwira, galimoto inanyamuka, nthungululu zinasweka ngati mvula pamalata.

Titawoloka, njira inali youma ndiponso yotsetsereka pang'ono, ndipo anyamata, atasangalala kuti yapepuka, anayamba kuithamangitsa. Denga la sukulu linkayandikira. Che Jafali anali atasiya kuliza hutala, maso ali pa kagalasi koonera kumbuyo.

"Sukumva kutentha, mama?"

"Ayi, ababa."

"Nsapatozo sizikukuthina?"

"Pang'ono."

Ndinayang'ana dzanja langa pa handibuleki. Ndinaikoka pang'ono, kamano kamodzi, kenako kena. Galimoto inalemera, anyamata anayamba kubuula kumbuyo, ndipo tinayenda ngati nkhono mpaka pabwalo la sukulu. Che Jafali anamva kulira kwa timanoto. Sananditembenukire, ine sindinawatembenukire.

Matenshona anafika patapita masabata angapo, achitsulo, osati apulasitiki aja. Ndinawaika ndekha, makamshafuti nditawatsekera ndi chitsulo chimene a fundi anasula, ndipo m'mawa mwake injini inalira mopanda kaphokoso kalikonse. Che Jafali sanabwererenso ku Joni. Galimotoyo imanyamula akwatibwi pa Mangochi pano, ikuyenda yokha.

Ine ndidakali Mwera, mwendo umagwedezekabe. Koma m'galaja yanga galimoto yaphokoso imagona kaye, oyilo wolemera sindithira, ndipo ndikanena zimene ndaona, kiyi ndimabweza kwa mwini wake ngakhale mtima ukuwawa. Kasitomala akandiuza kuti akufulumira, ndimamufunsa kumene akupita ndi amene akwere naye, chifukwa nthawi zina chimene munthu akufuna si kufika. Ndikapita ku Makanjira, anyamata aja, amene pano ndi abambo a ana, amandiuzabe kuti galimoto za ku Ulaya n'zolemera kukankha ngakhale potsetsereka. Sindinawauzepo chifukwa chake.